Chilonda cha Yohane

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno kwa Lukwa tilipo. Mvula yayamba bwino, fodya wa panazale wafika pookera. Makuponi a feteleza chaka chino anachepa, moti thumba limodzi tinagawana mabanja awiri. Mkazi wa Yohane anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija.

Koma chandilembetsa ndi Yohane yemweyo, mzime wanu. Anayamba kuwonda, madzi kumwa ngati ng'ombe, anthu n'kumanong'ona za matenda aja. Ine nditaona nyerere zitaunjikana pomwe anataya madzi kuseri kwa chigafa, ndinangoti kakasi, chifukwa ndi mmene zinayambira ndi inu.

Ndinamukokera kuchipatala, ndipo anamupeza ndi shuga. Adokotala anatifotokozera kuti m'kapamba muli tizigawo ting'onoting'ono topanga insulini, yomwe imachepetsa shuga m'magazi, ndipo tikatopa, tina timaiwala ntchito yake. Akuti thupi lili ndi zinthu zake zouza tizigawoto kuti tikule ndi ntchito yoti tigwire, ndipo ophunzira akufufuza ngati angadzutsenso totopato, koma sizinatheke panopa. Ndinawafunsa ngati zinthuzo zili ngati feteleza wokulitsa. Anaseka, nati pang'ono, koma ameneyu sanafike pogawidwa.

Amayi a Mvano anabwera kudzamuona ndi thobwa lothira shuga, monga ankachitira ndi inu. Ndinalibweza. Munkati chamlendo sakana, koma mundikhululukire, ndakana, ndipo kumpingo akuti ndayamba mwano.

Tsono sabata yatha khasu linamutema chala chakuphazi. Chilonda sichikupola, chayamba kuda ngati chanu chija. Yohane akukana kubwerera kuchipatala, akuti fodya akapitirira panazale banja lidzadya chiyani. Wangomangapo kansanza n'kuvala jombo, ali kumunda. Paja munkati mwana ameneyu anatengera unkhutukumve wa bambo ake, koma ine ndikuona kuti anatengera inu. Inunso munati tiyambe tamaliza kuokera, ndipo fodya uja tinathyola inu muli kumanda.

Ndikuopa, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri. Inu akanakumverani.

Ndikulonjeza kuti mawa ndimukweza panjinga, afune asafune. Munda wake ndiokera ine ndi ana anga, wanga udikire. Ngati mwamusowa mwana wanu, pirirani kaye, musamuitane.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati