Buledi wa Behruz pamsomali

Lachiwiri, 16 Epulo. Samarkand

Gulu latsopano la alendo oti ndiwaonetse malo. Azungu achikulire, ambiri a ku Germany. Mayi wina wafunsa kale ngati madzi a mu hotela amapha munthu. Mapazi atupa ulendo tisanauyambe n'komwe.

Koma nkhani si imeneyo. Behruz waimba foni.

Mchimwene wanga wamng'ono, amene ndinkamupukuta mamina ndine. Chipitireni ku Russia kukagwira ntchito ya zomangamanga, kuimba kwake n'kwa apo ndi apo. Lero wandipeza pakati pa bwalo la Registan, maikolofoni ali pakamwa, ndikutamanda matailosi abuluu. Akuti anakwatira kumeneko. Mkazi wa m'sitolo. Mwana wamwamuna alipo kale, akukwawa. Kubwera kuno ndiye ayi.

Ndamufunsa za Mohira, mkazi wake amene anamusiya kwa amayi kumudzi. Yankho lake: “Achemwali, musamuuze. Ndikamusudzula, amayi aziwasamala ndani?”

Galu. Ndalemba ndipo sindifufuta.

Ndabwerera kwa alendo anga mano onse panja. Ntchito yake ndi yomweyo.

Lachitatu, 17 Epulo

Manda a mafumu, msika, manda enanso. Pakamwa pakunena za amalonda a silika ndi ngamila zawo, mutu uli kumudzi.

Mawa nkhomaliro ndi kwathu, panjira ya ku Nurata. Ndipo pali za buledi uja. Tsiku lonyamuka Behruz analuma buledi kamodzi, monga amachitira aliyense wopita kutali, amayi n'kupachika wotsalayo pamsomali m'chipinda cha alendo. Chakudya chake chikumudikira, abwere adzamalize. Ali pomwepo mpaka lero, wouma gwa, mano a Behruz akuonekabe. Abwana anga a Ravshan atamuona anachita ngati atola golide. Tsopano gulu lililonse limaima pansi pake, ine n'kumafotokoza za mkazi wokhulupirika amene akudikira mwamuna wake, kenako mlamu wanga amalowa ndi tiyi, dzanja pachifuwa, maso pansi. Azimayi amagwetsa misozi. Amasiya kangachepe pansi pa mbale.

Nkhani imeneyi ndaifotokoza kambirimbiri, ndipo ndinkaikhulupirira ndi mtima wonse.

Ndapempha a Ravshan kuti ulendo uno tidumphe za bulediyo. Akuti anthuwa anakopeka ndi chithunzi chomwecho pa intaneti, ndisawaphere bizinesi. Lendi ya nyumba ikundidikira kumapeto kwa mwezi. Ndangoti chabwino bwana.

Lachinayi, 18 Epulo. Bukhara

Ndafotokoza. Mawu sananjenjemere ngakhale pang'ono, ndipo chimenecho ndi chimene chikundinyansa.

Mohira anali pa uvuni chidzukireni, mikono yodzaza zipsera, nsidze zowauka. Anasesa bwalo, anamwetsa nkhosa, anaphika mpunga wa nyama wokwanira basi yonse. Kamwana kake Sevinch kali pambuyo pake gwa kugwira diresi. Makutu a Behruz enieni. Bambo ake kamawadziwira pa galasi la foni.

Mayi wa madzi uja anafuna kudziwa kuti mwamunayo abwera liti. Ine womasulira, ndikanatani? Ndinamasulira. Mohira anamwetulira n'kunena kuti Mulungu akalola, mphesa zikamapsa.

Alendo atapita kukaona nsomba za pakasupe ndinakokera amayi m'chipinda chosungira zakudya. Ndinawakhazika pansi kaye, poopa kuti angakomoke. Ndinawauza zonse.

Sanakomoke. Anapitiriza kusankha mphesa zouma m'mbale. Akuti Behruz anawauza kalekale, chisanu chili mkati, ndipo chithunzi cha mdzukulu wawo anachiona, ndi wonenepa bwino. Kenako anandiyang'ana m'maso. “Ukamuuza apita kwawo. Ndiye alendo akowa uziwaphikira ndiwe?”

Mayi anga ondibala! Tsiku ndi tsiku amapukuta fumbi pa buledi uja mpongozi wawo akuona.

Potsanzikana anandipsompsona masaya onse awiri pamaso pa azungu. Zithunzi zinajambulidwa.

Loweruka, 20 Epulo. Bukhara

Tulo palibe, chakudya sichikulowa. Ndakalipira wogulitsa makapeti popanda chifukwa, munthu wandipatsa tiyi zaka zonsezi.

A Tolib, dalaivala wathu, anangondiyang'ana pagalasi n'kuti: “Mwana wanga, nkhope imeneyo ithamangitsa matipu athu.” Ndinawauza kuti ayang'ane msewu.

Mohira waimba masana. Akuti popeza ndili ku Bukhara ndimugulireko ulusi wa silika, wofiira ndi wobiriwira, akupeta nsalu yam'chiuno ya Behruz yoti adzavale pofika. Anapepesa katatu chifukwa chondivutitsa. Samanditchula dzina, amati achemwali, monga anaphunzitsidwa tsiku lolowa m'nyumba mwathu ali mtsikana.

Ndagula ulusiwo. Ndagula! Uli m'chikwama, pamwamba pa mapasipoti a alendo.

Ndikayankhula, nyumba ya amayi ikhala yopanda manja, basi isiya kuima pakhomo pathu, a Ravshan andidya wamoyo. Ndikakhala chete, mwana wa eni akalambira pa uvuni kudikira munthu amene akugona pachifuwa cha wina. Onse atatu, Behruz, amayi ndi ine, tikudya thukuta lake.

Lolemba, 22 Epulo. Khiva

Chipululu tsiku lonse. Mchenga, zitsamba, mchenga. Zoziziritsa m'basi zafa. Bambo wina wadandaula kuti analonjezedwa ngamila, ngati ndimaziweta m'chikwama.

Pamsewu uwu ndimakhala ndi nthabwala yanga, ya amalonda akale amene ankasiya mkazi m'tauni iliyonse ya panjira. Inatuluka yokha pakamwa. Basi yonse inafa ndi phwete. Ndinazimitsa maikolofoni, ndipo mpaka ku Khiva anamva injini basi.

Pamalo omwera tiyi ndinamuimbira Behruz. Ndinamuuza kuti amuuze yekha mkazi wake ndisanafikenso kumudzi ndi gulu lina, apo ayi ndinena ndine. Anaseka. Akuti ndisadziyese shehe, mkazi akudya, akuvala, akusowa chiyani? Kumbuyo kwake kunkamveka mwana akulira. Anadula ndi iye.

Lachinayi, 2 Meyi. Bukhara

Gulu la a ku France. Behruz sanamuimbire Mohira, ndinadziwa kale.

Basi itangoima pakhomo ndinasiya alendo m'manja mwa a Tolib n'kulunjika ku uvuni. Ndikanalowa kaye m'nyumba kukapereka moni kwa amayi, mtima ukanandithawa. Mohira anali ndi mtanda wa buledi m'manja. Ndinanena mosazungulira, mawu ochepa.

Anamata mtandawo m'khoma la uvuni. Anatenga wina, anamatanso. Anamaliza yonse, alendo asagone ndi njala. Misozi ayi. Kenako anafunsa kuti winanso akudziwa ndani. Ndinati amayi, kuyambira nthawi ya chisanu. Apo ndi pamene anakhala pansi, pa dothi, ndi diresi lake lolandirira alendo.

Ndinkayesa kuti salowa ndi tiyi. Analowa, dzanja pachifuwa monga mwa masiku onse. Ine ndinaima pansi pa msomali uja. Bambo wina analoza, kufunsa tanthauzo lake. Ndinati ndi buledi wakale.

Mohira anathira tiyi wa aliyense. Atamaliza anakwera pa mtsamiro, anatsitsa bulediyo, anamupukuta ndi mpango wake, anamupsompsona n'kumugunditsa pamphumi, chifukwa buledi salakwa kanthu. Anamuyika patsogolo pa amayi ndi manja awiri.

“Amayi, musunge nokha. Ine ndasunga pokwana.”

Azungu anaomba m'manja. Ankayesa ndi mwambo umene unali pa pulogalamu. Wina anapempha kuti abwereze, kamera yake inali isanayake. Nkhope ya amayi sindinayambe ndaiona ili choncho, ndipo chisoni sindinawamvere. Mwina chibwera.

Pokwera basi ndinamupeza Mohira pachitseko, Sevinch padzanja, katundu yense mu nsalu imodzi yomanga. Zaka zonsezi, nsalu imodzi. Anafunsa a Tolib ngati tidutsa ku Gijduvan, kwawo. A Tolib anati malamulo a kampani salola, uku akutsegula chitseko. Ndinamupatsa mpando wanga, ine n'kukhala pa masitepe. Amayi sanatuluke kudzatsanzika.

Ku Gijduvan bambo ake anatsegula geti, anayang'ana nsalu yomangayo, anayang'ana mwana. Anaima nthawi yaitali, basi yonse ikuonerera pamawindo. Kenako ananyamula Sevinch n'kupatuka pakhomo kuti Mohira alowe.

Lachisanu, 3 Meyi

A Ravshan aimba m'mawa, kukuwa ngati ndawotcha ofesi. Atatopa anafunsa ngati m'mudzimo mulibe nyumba ina yokhala ndi mpongozi wooneka bwino. Akuti buledi si vuto, angalume aliyense, ngakhale a Tolib, n'kumuumitsa padzuwa. Za ntchito yanga tikambirana ndikafika ku Samarkand.

Behruz watumiza mauthenga a mawu motsatizana. Sindinatsegule.

Kenako aimba amayi. Ndinakonzekera matemberero, ndinali ndi mayankho anga onse pamzere. Sanatukwane. Mawu otsika, a munthu wokalamba. Akuti nkhosa sizinamwe, mawondo akana kuwerama pa uvuni, adya zotsala za alendo. Ndiye anati: “Mpongozi wanga wamuchotsa. Ubwera liti ndi katundu wako?”

Ndinati netiweki ikuvuta.

Alendo akundidikira pansi, zipewa kumutu, tikuyenera kukaona nsanja ya mzikiti. Nditsike ndikamwetulire. Foni ikuliranso, ndi amayi, ndipo ine...