Ndinaseka golokipa, kansi ndi apongozi anga

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 24, ndikhala ku Kabwata. Sukulu ndinasiyila mu giledi 9, osati kuti mutu unali wouma iyayi, chabe kuti aticha afuna kulankhula, inenso ndifuna kulankhula, ndiye mmodzi anayenela kuchoka. Manje ndikonza mafoni mu tauni, kufupi ndi msika wa Soweto. Yanu ikagwela m'madzi bweletsani, idzauka.

Anthu akamba kuti vuto langa ndikonda zinthu zambili. Kuseli kwa nyumba ndili ndi nkhunda 23, iliyonse ndi dzina lake. Nkhani za pa wailesi sizindipita, unga ukakwela mtengo ndimatsutsana ndi anthu mu minibasi mpaka kupitilila potsikila panga. Koma chimene ndikonda kupambana zonse ndi mpila wa madala. Pa Sande masana azibambo ndi mimba zawo amakumana pa gilaundi ku Chilenje, ine ndiwajambula ndi foni, ndiikapo mawu anga monga muulutsi wa mpila, ndiponya pa Facebook. Anthu aseka, madala nawonso amakondwa kudziona.

Mwezi watha kunabwela timu ya ku Chelstone. Golokipa wawo, mdala wa kapu ndi magolovesi akuluakulu monga a owotchelela zitsulo, anamwa zigoli zinayi hafu isanathe. Nditamumva akukalipila anzake m'Chinyanja chija cha ku Chipata, ndinati apa ndapeza mbuya wanga. Ine ndine Mubemba, ndipo mudziwa chimbuya chathu ndi anthu a kum'mawa, timanyozana za mbewa zawo ndi anyani athu ngakhale pa malilo, palibe wokwiya. Ndiye ndinakuwa, foni ili m'mwamba: "Ba golokipa, mpila uyu ukanakhala mbewa sembe mwaugwila na dzanja limodzi!"

Gilaundi yonse inafa ndi kuseka. Mdala nayenso sanachedwe, anati ndibwele ndiime pa golo ine, popeza a kwathu anazolowela kudumpha m'mitengo pothamangitsa anyani. Mpila utatha tinagwilana chanza bwinobwino, aliyense wapita kwawo.

Vidiyo inayenda, Aphungu. Pofika pa Chiwili anthu 40,000 anali ataiona. Pa Chitatu Rachael anandiimbila. Rachael ndi chibwenzi changa cha zaka ziwili, nesi, mtsikana amene ndifuna kukwatila. Ngakhale moni sanandipatse. Anangoti: "Iwe, uja golokipa wako wa mbewa ni ba dadi."

Bambo ake ine ndinawaonapo pa chithunzi chabe, ali mu suti ndi magalasi, mkulu wa mpingo wa Reformed. Ndani akanadziwa kuti akatuluka mu tchalitchi amavula suti ndi kukadziponya mu fumbi?

Manje nkhani ili apa. Amalume anga ba Chibwe, amene ndi nkhoswe yanga, ayenela kupeleka mbale ku Chelstone pa Chiwelu cha sabata ya mawa, kukandifunsila mbeta. Iwo sadziwa kalikonse, foni yawo ndi ya mabatani. Amayi ake a Rachael akwiya kwambili, chifukwa ku chigwilizano cha ku mpingo azimayi anzawo ayamba kuwafunsa ngati ba Mbewa adzuka bwino. Akuti mwana wawo sangapite kwa munthu wopanda ulemu, wosamaliza sukulu, wongoweta nkhunda. Bambo ake sanakambe zambili. Rachael akuti anaonelela vidiyo kawili, anafunsa ngati wolankhulayo ndine yemwe ndifuna kutuma mbale, ndiye anati: "Muuzeni abwele, tidzaonana." Kuonana kwake kotani?

Rachael akuti ndifafanize peji yonse, ndigulitse nkhunda, ndikhale munthu. Anzanga akuti ndipite ndi nthabwala zatsopano, mdala ndi mbuya, adzaseka. Nthabwala pambali, Aphungu, mtsikana uyu ndimufuna. Koma ndikasiya zonsezi adzakwatiwa ndi ndani, popeza ine ndine zimenezi? Ndichite bwanji?

M.C., Kabwata, Lusaka

M.C. mwana wanga,

Ine kwathu ndi ku Katete, choncho ndine mbuya wako ndipo ndikuuza mosapsatila. Vidiyo yako ndaiona, ndipo kunena zoona zigoli ziwili mdalayo akanatha kugwila. Koma anzako akukunamiza. Chimbuya chimathela pa geti la apongozi. Pa gilaundi munali Mubemba ndi wa kum'mawa. Tsiku limene mbale zidzalowa m'nyumba mwawo ndiwe mkamwini, ndipo mkamwini sayang'ana apongozi m'maso, nanji kuwaseka.

Lelo lomwe pita kwa amalume ako, ukawaonetse vidiyoyo pa foni yako. Nkhoswe isakamvele mlandu kwa eni nyumba itakhala kale pa mpando. Adzakukalipila, pilila. Iwo ndiwo akapepese m'malo mwako asanatulutse mbale. Iwe usaimbe foni, usalembe meseji, ndipo usayelekeze kupepesa pa Facebook, ungaitanilenso anthu ena zikwizikwi pa nkhani ya m'banja.

Vidiyoyo ichotse. Ena anaisunga kale, inde, koma banjalo lione kuti mwini wake wachita manyazi. Zindikilanso kuti wopwetekeka kwambili si golokipa. Iye anakubwezela pomwepo, zake zinatha. Amayi ndiwo akuyenda ndi dzina lija ku mpingo sabata ndi sabata, pomwe mpilawo sanaseweleko. Amalume ako atenge azakhali ako kapena mayi wina wachikulile, akalankhule nawo paokha, azimayi okhaokha.

Peji ndi nkhunda usataye. Munthu wokonza mafoni, woweta, wotha kusonkhanitsa anthu ochuluka chotelo ndi pakamwa pokha si waulesi. Rachael wanena zimenezo ndi mantha. Khala naye pansi umufunse chimene chikumuopsa kwenikweni, ndipo akamayankha usaseke. Kuyambila tsopano uzipempha chilolezo usanaponye nkhope ya munthu pa peji yako. Za sukulu, makalasi a akuluakulu alipo. Ukalembetse chifukwa cha iwe mwini, osati kuti ugulile mtima wa apongozi.

Ine ndikuona kuti zitheka. Bambo amene safuna mkamwini sanena kuti abwele, amangotseka geti. Koma chenjela. Tsiku limene adzakuitana, mdalayo adzakuputa dala, mwina adzakufunsa ngati anyani a kwanu akupeza bwino. Yankho lokoma lidzafika pa lilime lako, ndikudziwa. Limeze. Yang'ana pansi, omba m'manja, unene kuti onse ali bwino, atate. Akadzafuna mbuya adzakupeza yekha ku gilaundi. Koma tsiku lokuitana kunyumbalo adzafuna kuona ngati mwana wake akupita kwa munthu wodziwa potsekela pakamwa.

Aphungu