Makina Anga Ayang'ana Kukhoma

14 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Kalata yanu ndinalandira. Aka n'kachitatu kuyamba kukuyankhani, mapepala awiri oyambawo sindikudziwa kumene ndawaika. Musaseke, mwana wanu mukumudziwa.

Kushopu yosokera kuno ntchito inatsala pang'ono kundithera. Bwana anandipatsa malaya a yunifomu khumi ndi awiri. Ndinawayamba onse, osamaliza ndi amodzi omwe. Ndikati ndisoke kolala, panja padutsa njinga yamoto, maso ali pawindo, pobwerera ndagwira kale thumba la malaya ena. Ena ndinawalumikiza manja akumanzere okhaokha. Bwana anawakweza m'mwamba n'kunena kuti, "Kasitomala wa manja oterewa mwamuona kuti?" Onse anaseka, inenso ndinaseka, kenako ndinakalirira kuchimbudzi. Bwana akuti ndikangobwereza, ndinyamule sizasi yanga ndizipita.

Chimene ndinakubisirani n'chakuti ndinapita kuchipatala. Adokotala anandifunsa za ubwana wanga ola lathunthu. Pomaliza anati si ulesi, si mwano, ndi vuto lodziwika limene limalepheretsa maganizo kukhazikika pa chinthu chimodzi. Amayi, zaka makumi atatu ndakhala ndikudzitcha chitsiru!

Tsopano makina anga ndawatembenuzira kukhoma. Mayi amene amasoka mabatani amandisungira nsalu zonse pansi pa tebulo lawo, n'kumandipatsa imodziimodzi. Ndikatambasula dzanja kufuna ina amati, "Malizani kaye iyo, mukuthamangira kuti?" Mwendo sukhala phee, mutu umafuna kuthawa, koma dzulo ndinamaliza malaya asanu. Bwana anangowatembenuzatembenuza. Mantha ndikadali nawo.

Ndafika pa chimene ndalembera kalatayi. Mwati mdzukulu wanu, mwana wanga mukumulerayo, wasanduka nkhutukumve, mukamutuma zinthu zitatu amabwera ndi chimodzi, ndiye mwamuthyolera kamtengo. Mzere umenewo ndinauwerenga mtima ukuwawa. Sindikukuimbani mlandu, nthawi yanga ija inunso simunkadziwa. Koma ine kamtengo sikanandichiritse, kanangondiphunzitsa kubisa. Chonde Amayi, katayeni. Muzimutuma chinthu chimodzi. Akabwera nacho, muzimutuma china.

Moni kwa achimwene ndi alamu. Mwana wangayo mumuuze kuti diresi lake ndalimaliza, ndipo manja onse awiri ali m'malo mwake. Mumuuzenso kuti si chitsiru. Akamva kwa inu akhulupirira.

Ndine mwana wanu,
Wosamva uja