Jenereta ya Lamson Kuseri kwa Nyumba

Lolemba, 6 Juni 2016

Annastazia, lemba momwe ndikunenera. Usaonjezere, usakometse. Bukuli ndi langa, lako ndi dzanja lokha.

Ana anga atatu. Getrude, woyamba: nesi wamkulu kuchipatala ku Joondalup. Nyumba ino ya ku Balga, dera la mzinda wa Perth, ndi yake ndi amuna ake, a Bennett. Lamson, wachiwiri: injiniya, madigiri awiri, zaka zisanu ndi zinayi ku migodi ya chitsulo kumpoto. Popita ndege, pobwera ndege. Annastazia, chitsiriza: amaphunzitsa masamu ana a eni dziko. Onsewa anatuluka mwa ine, wa Sitandade 2, amene ndinaphikira ana a sekondale ku Dedza zaka makumi atatu.

Tsono injiniyayo mgodi unamutaya mu Febuluwale. Nyumba yake anaikamo anthu a lendi. Akugona kuseri kwathu kuno, m'kalavani, nyumba yokoka ndi galimoto, imene anagula nthawi ya zabwino kuti azikapumira kunyanja. Iye ndi mkazi wake Patuma, wa mimba ya miyezi isanu ndi umodzi.

Kutchalitchi ndimati akadali kumpoto. Za m'banja langa si ulaliki.

Lachitatu, 8 Juni

Kuzizira. Chimodzimodzi Dedza.

A Bennett azula chingwe cha magetsi chopita kukalavani. Hita ya Lamson yathimitsa nyumba yonse kawiri, chingwe kutentha ngati mbatata yootcha. Sindikuwada. Mkamwini ameneyu sayankhula zambiri, koma mutu ulipo.

Madzulo Lamson watulukira ndi jenereta. Yofiira. Kulira kwake ngati chigayo. Waiika pamphuno pa kalavani, pomwe pali mabotolo awiri a gasi. Chigubu cha petulo pambali pake. Zonse pamodzi, ngati anthu odikira basi.

Ndamuuza kuti moto ndi mafuta sagona mphasa imodzi. Akuti, "Amayi, ndayendetsa makina aakulu kuposa nyumba ino."

Eya. Makinawo ali kuti lero?

Loweruka, 11 Juni

Lamson ndamupeza akuthira petulo jenereta ikulira. Ikulira! Foni paphewa, akukambirana za intavyu, petulo akudonthera pachitsulo chotentha. Ndinakuwa mpaka galu wa oyandikana nawo anayankha. Ngakhale mwana wa Fomu 1 amadziwa kuti nyali ya palafini umayamba waizimitsa, n'kudikira izizire.

Ndinalowa m'kalavani kukaona. Kachipangizo ka kudenga kolira pakakhala utsi, batire anachotsa. Akuti kamasokosa Patuma akamakazinga anyezi. Timabowo tolowera mphepo tapansi kuseri kwa chitseko, anatseka ndi masokosi. Botolo lozimitsira moto lili pansi pa bedi, kuseri kwa masutikesi atatu. Kuti ulipeze uyambe wasamuka.

Madigiri awiri.

Ndinamukumbutsa za alonda awiri a pasukulu paja, chaka chimene iye anayamba kukwawa. Analowetsa mbaula m'kanyumba kawo, natseka chitseko. Tinawapeza atakhala bwinobwino, wina chipewa chili kumutu. Opanda bala. Utsi wakupha suoneka, sununkha. Lamson anaseka. "Imeneyo ndi mbaula, Amayi. Iyi ndi tekinoloje."

Patuma sanaseke. Mwana ameneyu amasamalira nkhalamba usiku wonse kunyumba ya okalamba, mimba ili patsogolo. Masana amagona pabedi panga, chifukwa kuchipinda kwanga n'kofunda. Pondipatsa madzi amagwadabe, ngakhale ndimamuletsa. Mwa onsewa ndiye wamakutu.

Lachiwiri, 14 Juni

Amayi a Chigwirizano mkuja asonkhana kuno. Ulendo uno olandira ndife. Asanu ndi atatu, amene alibe shifiti masana.

Ndi Mayi Martha omwe. Maso ngati a nkhuku yofuna poikira. Sabata yatha anandigwira mkono pakhomo la tchalitchi: "Koma Lamson wanu uja, a Nachisale, ndege sizikumutopetsa? Ena onse anawachotsatu." Ndinati mwana wanga sachotsedwa, amachita kumupempha. Mwana wawo amatsuka magalimoto ku Perth, koma kumva kuyankhula kwake ungati ndi kazembe.

Ndamuitana Lamson. Ndati Lachinayi iwe usaoneke, galimoto yako isaoneke. Chigayo chakocho ndisachimve, ngakhale pang'ono. Anati nanga Patuma, popanda hita azizidwa. Ndati uchite zimene ungachite, si ndiwe injiniya?

Patuma ndamuuza kuti tsiku limodzi lokha agone kukalavani. Akamuona atuluka kuchipinda kwanga ndi maso a tulo, mafunso ayamba. Anangoti, "Chabwino, Amayi."

Lachitatu, 15 Juni

Mandasi makumi anayi. Bulauzi yoyera ndasita ndekha. Getrude amasita ngati akuthamangitsidwa. Makatani a kuseri ndatseka.

Lamson akuti, "Zatheka, Amayi. Simudzamva kanthu."

Sindinafunse kuti zatheka bwanji.

Lolemba, 27 Juni

Lemba pang'onopang'ono. Mankhwala akundizunguza mutu.

Lachinayi lija. Tili pa nyimbo yachiwiri, Mayi Martha akukweza mawu kuposa onse monga mwa masiku onse. Kuseri kuli zii. Mumtima ndinati mwana wanga wandimvera. Kenaka fungo. Osati la mandasi. La ubweya ukupsa. Mphuno ya wophika sinama.

Ndinatuluka buku la nyimbo lili m'manja.

Lamson anachita izi: jenereta anailowetsa m'katenti kolumikiza kukalavani, natseka zipi mbali zonse. Pamwamba anaifunditsa bulangete langa la ku Dedza, lolemera lija, kuti mawu asatuluke. Iye n'kupita kukakhala ku laibulale, monga ndinamuuzira kuti asaoneke.

Bulangete linali litayaka mbali imodzi. Tenti ikusungunuka, ikudontha moto. Chigubu cha petulo chapafupi ngati apa ndi pachitseko. Mabotolo a gasi kuseri kwa nsalu yomweyo.

Chigubu ndinachikoka n'kuchiponya pakapinga. Gasi ndinatseka, onse awiri. Bulangete ndinalikoka ndi manja. Manja ake ndi awa, ali m'mabandeji. Jenereta sindinadziwe pozimitsira.

Ndinaitana Patuma katatu. Zii.

Amene analowa ndi Mayi Martha. Lemba zimenezo, ngakhale zikundiwawa. Anavula duku, natseka nalo mphuno, nalowa. Anatuluka akumukoka m'khwapa, miyendo ikukwekwereza pansi. Ndi nesi wopuma, anadziwa chochita. Wina anazimitsa jenereta, wina anabwera ndi paipi ya madzi, wina anaimba foni. Azimayi asanu ndi atatu a yunifolomu yoyera, kuseri kumene ndinatsekera makatani.

Patuma milomo yofiira ngati wadzola. Thupi lende.

Ambulansi. Ozimitsa moto. Msewu wonse panja.

Lachitatu, 29 Juni

Patuma watuluka dzulo. Mutu ukumupwetekabe, mawu ena akuiwala. Mwana mtima ukugunda. Getrude anaumva yekha ndi makutu ake. Madokotala akuti zina tidzadziwa akabadwa. Seputembala. Miyezi itatu yodikira chinthu chimene sungachifunse munthu.

Patuma akugona kuchipinda kwanga. Ine pabalaza. A Bennett ananyamula okha matiresi.

Kalavani aikoka. Pakapinga patsala chibanga chakuda.

Mkulu wa ozimitsa moto tsiku lija anafunsa kuti ndani anafunditsa jenereta. Annastazia, unandimasulira ndiwe. Anati jenereta imakhala panja, kutali ndi mawindo, kutali ndi gasi, ndipo saifunditsa. Zomwe ndinanena ine pa Chichewa, mwaulere, sabata yathunthu. Lamson anaweramitsa mutu: "Ndine, bwana. Ndekha."

Mpaka lero akunena choncho. Kwa Getrude, kwa abusa, kwa bambo ake a Patuma pa foni ya ku Mangochi. Getrude sakumuyankhula. Bambo aja anamutcha wakupha. Dzina langa Lamson salitchula. Akubwera m'mawa uliwonse kudzandimwetsa tiyi, poti kapu sindingagwire. Amauzira kaye.

Chitsiru. Anafunditsa moto bulangete, chitsiru ndithu, pamenepo sindibweza. Koma anamutuma ndani? Amene ankadziwa za alonda aja ndani? Anachotsa mwana wa eni pabedi lofunda chifukwa cha pakamwa pa Martha ndani?

Usalire, ukudonthezera pepala.

Mayi Martha abwera kawiri. Sanafunse za ndege. Akanafunsa bwenzi zili bwino.

Lemba ichi pachokha, ndi zilembo zazikulu, utumize kwa onse. Loweruka pa 9 Julayi, 2 koloko masana, pabalaza pano. Getrude ndi a Bennett. Lamson ndi Patuma. Iwe. A ku Mangochi muwaike pa foni, amve okha. Mayi Martha abwerenso, akhale kutsogolo.

Wophika asavutike, kulibe phwando. Woyankhula ndine. Lamson akadzayesa kundidula mawu, mudzamugwire.