Kodiho wa Baba

3 Ogasiti, Lolemba
Miphika khumi ndi iwiri ya zitsamba yatha pamsika m'mawa wokha. Mzinda wonse wa Ternate wapenga ndi zitsamba za masamba amawangamawanga. Baba abwera nazo zina kuchokera kumudzi, zofiira ndi zachikasu. Mayi wina wagalimoto wafunsa dzina, Baba n'kuyankha msanga: kodiho. Ine ndi pakamwa pangapa. "Baba, izo n'zakumudzi, dzina lenileni ndi Codiaeum, Chilatini." Mayi uja waseka. Baba angotola dengu lawo.

6 Ogasiti
Sanabwere. Mbewu atumiza pa njinga yamoto, popanda ndi moni womwe.

9 Ogasiti
Mkulu wanga Ramla pafoni: "Sukulu ya ku Manado anakulipirira ndi ukonde wawo, lero ukuwayalutsa pamsika? Iwe ndiwe munthu?" Ndadula. Komatu sindinaname, dzina ndi dzina.

14 Ogasiti, Lachisanu
Ndimalemba timapepala tomata pamiphika. Ndatsegula buku langa lakale la kukoleji kuti ndisalakwitse zilembo. Pansi pa dzinalo pali kamzere kamene sindinakawerengepo: Codiaeum, kuchokera ku kodiho, mawu a anthu a ku Ternate. Azungu anawamva konkuno zaka mazana zapitazo, n'kungowaveka jekete.
Ndakhala pansi pakati pa miphika. Manyazi.

22 Ogasiti
Sindinapitebe kwa Baba. Dzana mvula, dzulo makasitomala, lero palibe chifukwa. Manyazi anapha lambe, ndikudziwa. Ndikuopa nkhope yawo.

30 Ogasiti, Lamulungu
Ndapita, buku m'chikwama. Ndawapeza kumanda a Amayi, akudulira mpanda wa kodiho umene anadzala okha. Aonda. Ndapepesa, ndatsegula tsamba lija, chala pamzere. Sanayang'ane n'komwe.
"Zaka makumi asanu ndi awiri ndikulitchula dzinali, agogo akonso ankalitchula. Wakhulupirira lero poti Mzungu analemba?"
Bukulo ndikanalisiya kunyumba.
Chakudya andipatsa, papeda, phala lakwathu lija, ndi nsomba, monga kale. Nkhani zanyanja, za bondo lawo. Za chitsambacho ayi.
Potsanzikana andipatsa mtolo wa nthambi zokadzala. "Tenga, mwanangu. Kumsikako uzitchula dzina limene likugulitsa."
Mawa ndilembanso timapepala tonse, dzina lawo la kodiho pamwamba. Koma Baba kumsika anena kuti sadzapondakonso, ndiye adzationa liti?