Loweruka Mudzaimba Kutsogolo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ndine Tiyamike, mwana wanu wamakani uja.

Kuno tilipo. Akulu anga a Esnati adachira kuchipatala cha Kabudula, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Kukhosi watengera inu ndithu. Akalira, nkhuku zimabalalika pabwalo. Mtedza wachita bwino. Chimanga cha kudimba ndiye mbuzi za a Nabanda zatithandiza kukolola, osapemphedwa.

Chiliza chanu tamanga, tikuvundukula Loweruka likubwerali. Koma ine ndi alongo anu, amalume a Lufeyo, moni tikupatsana wa m'mphuno.

Mukukumbuka kuti ku kwaya ya amayi ankakuimikani kumbuyo, ati mawu anu ndi achimuna, muzitsitsa? Munkafika kunyumba n'kuyamba kuimba mokweza uku mukupeta, n'kumati, "Amene adandipatsa kukhosiku sadalakwitse." Zinkandiwawa, amayi, ndipo zikundiwawabe. Mufoni mwanga muli nyimbo imene ndidajambula pa Pasaka wanu womaliza. Koma ndikaiyika, inu simumveka. Amangomveka a Nabanda, otsogolera kwaya aja, ndi mawu awo osongoka. Foni nayonso ikukuimikani kumbuyo!

Ndiye ndidagulitsa mtedza wanga n'kukagula sipika yaikulu ya besi m'tauni, yoti izitulutsa mawu apansi. Sipika yotere imafuna bokosi loyenerana nayo. Amalume, poti ndi akalipentala odziwika pa Nsaru, adati n'kungokhoma lalikulu basi, monga amakhomera eni mabala. Ndidakana. Sindikufuna chiphokoso ine, ndikufuna inu.

Ndidabwereka laputopu kwa aphunzitsi ena a ku sekondale, momwe muli pulogalamu yoyezera mabokosi amenewa. Umatenga pepala lobwera ndi sipika n'kumalowetsa manambala ake: imanjenjemera motsika kufika pati, ndi yolimba bwanji, imatuluka ndi kubwerera motalika bwanji, ikufuna mpweya wochuluka motani. Ukamaliza, pulogalamu imajambula mzere wosonyeza pamene mawu apansi adzafike, n'kukuuza kukula kwa bokosi. Apa ndidapunthwa. Pepala lidalemba mpweya m'malita, pulogalamu inkayembekezera mafiti, ine ndidangolemba osayang'ana. Bokosi lidatuluka lalikulu kuposa nkhokwe yanu. Amalume adaseka mpaka kutsokomola, n'kukauza mudzi wonse kuti Tiyamike akumangira sipika nyumba yogona.

Ndidakhala pansi n'kulowetsanso zonse mofatsa. Lidatuluka bokosi lofika m'chiuno, lokhala ndi bowo ndi kapaipi kopumira. Amalume adakana kucheka matabwa, ati miyeso ya pakompyuta si ya anthu a ntchito. Ndidacheka ndekha ndi sowo yakale ya abambo. Matuza ali tho m'manja, ngodya imodzi ndi yokhota, koma mpweya sukutulukira paliponse.

Amalume ataona kuti latha, adasintha nkhani. Akuti chinthucho sichiponda kumanda, manda si bala, ndipo mwini mbumba ndi iwo. Chabwino. Kumanda sindipita nalo. Koma khonde lino ndi lanu, mudalisiyira ife ana anu aakazi, ndipo layang'ana kumanda komweko. Munkati munthu asakutsekereni pakamwa pakhomo panu pomwe. Ndidamva, amayi.

Dzulo masana ndidalumikiza batire n'kuyika nyimbo ya mufoni ija kuti ndiyese. Makapu a pa shelefu adayamba kugundana, kenaka inu mudalowa. Mawu anu aja, olemera, atanyamula kwaya yonse pamsana. Ndidawamva pachifuwa pomwe. Ndidalira ngati tsiku la maliro.

Amalume adatulukira ndi liwiro, mkwiyo uli pankhope. Atafika pakhomo adaima. Adavula chipewa, n'kukhala pamtondo, maso pansi, mpaka nyimbo idatha. Adandipempha kuti ndibwereze. Pochoka adagwira ngodya yokhota ija n'kupukusa mutu, koma lamulo lawo sadalisinthe.

Inenso sindisintha. Loweruka, nsalu ikamachoka pa chiliza, ine ndidzakhala pakhonde pano, chala chili pa batani. A Nabanda ndi kwaya yawo akaime pamene akufuna. Inu ndikukulonjezani kuti simudzatsitsanso mawu, ndipo mudzaimba kutsogolo.

Ndimakukondani, amayi. Konzani kukhosi.

Ine mwana wanu,
Tiyamike