Tsamba 47 la Kope Lanu

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Amayi ali bwanji? Kuno tonse tili bwino, kungoti mkamwini wanu wanenepa moti lamba wayamba kudandaula.

Bambo, ndili ndi nkhani, ndipo sindizungulira.

Mukukumbukira kope lanu la kemisitiri lachikuto chobiriwira, limene munandipatsa nditayamba uphunzitsi? Zaka zinayi zonsezi ndakhala ndikuphunzitsira lomwelo. Pa tsamba 47 munalemba za besisiti, kuti pofuna kudziwa mahaidirojeni amene asidi amapereka, tizingowerenga ma H onse a mu fomula yake. Asidi wa mu viniga ali ndi ma H anayi, ndiye munalemba 4. Kulemera kwake, 60, munagawa ndi 4, n'kupeza ikwivalenti masi ya 15.

Lachiwiri lapitali sukulu yathu inalandira mabyureti koyamba, timachubu tagalasi todonthezera mankhwala. Ndinati ana aone ndi maso awo. Ndinawauza modzitama kuti asidi wa mu viniga amwa soda wokwana mamililita 40 asanagonje. Atangofika pa 10, madzi a m'botolo anasanduka pinki, kusonyeza kuti asidi wagonja kale. Ndinawakalipira kuti adontheza mothamanga. Tinabwereza, pa 10 pomwepo. Kachitatu ndinagwira ndekha, ndipo pinki uja anabwerabe osandiopa.

Mtsikana wina wokhala kutsogolo anafunsa ngati mwina vinigayo ndi wosukuluka. Ndinamuyankha kuti n'kutheka. Bodza limenelo likundiwawa mpaka lero.

Ndafufuza m'mabuku atatu. Pa ma H anayi aja, mmodzi yekha ndiye amachoka. Atatu enawo anakakamira ku kaboni, sapita kulikonse. Besisiti yake ndi 1, ikwivalenti masi ndi 60. Lamulo lanu limagwira pa asidi wa mu batire, amene ali ndi ma H awiri ndipo onse amachoka, koma pa viniga latigwetsa tonse awiri.

Nditawafotokozera a hedi, anati madzi akatayika saoleka. Anati funso limenelo silibwerabwera pa mayeso, ndipo mphunzitsi akavomera kulakwa ana amamuderera. Anawonjeza kuti makolo akamva adzafikira ku ofesi kwawo, osati kwanga.

Ndakana, Bambo. Kwatsala milungu itatu kuti mayeso ayambe, ndipo ana 62 ali ndi 15 m'makope mwawo, wokopera pa bolodi langa. Lolemba ndikaima pamaso pawo, ndikawauza kuti ndinawanamiza, tikadontheza soda uja limodzi mpaka aliyense amvetse chifukwa chake. Akafuna kuseka aseke. Mtsikana uja ndikamupepesa payekha.

Sindikulemba kuti ndikuchititseni manyazi. Inu munaphunzitsa zaka 31 ndi choko chokha, labotale osaiona n'komwe. Ine mabuku ndinali nawo, koma sindinawatsegule chifukwa zolemba zanu ndinkazitenga ngati zosatsutsika. Ulesi umenewo ndi wanga, ndipo m'kalasi dzina lanu silikatuluka.

Koma pempho langa ndi ili. Aphunzitsi awiri aja amene munawaphunzitsa, amene amabwera kudzakuonani patchuthi, anakopera kope lomweli tsamba ndi tsamba. Ana awo nawonso akulemba mayeso omwewa. Ine sangandimvere, kwa iwo ndikadali kamwana kamene kankakunyamulirani chikwama. Inu akumverani. Alembereni sabata ino, ndi dzanja lanu, muwauze kuti 15 uja ndi 60.

Ndikudziwa kuti ndapempha chinthu cholemera, ndipo ndalira polemba. Ngati mundikwiyire ndikwiyireni, koma mutawalembera kaye.

Mundiperekere moni kwa Amayi ndi azakhali. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu woyamba,
mphunzitsi mnzanu